Kansalu Kofiira pa Bedi la Mwandida

Mwandida wachira, anzanga! Wachiriratu, moti dzulo wadya mbale ziwiri za nyemba n'kupemphanso ya mnzake, ndipo lero amathamanga pabwalo la netibolo ngati si uja anagona masabata anayi osadzuka. Senderani kuno, wina akankhe chitsekocho, chifukwa mmene wachirira si nkhani yokamba mokweza. Komanso nkhaniyi si ya Mwandida kwenikweni. Ndi ya Sigele.

Sukulu yake ndi ija ya atsikana yogonera komweko, ili pakati pa minda ya tiyi kunsi kwa phiri, kumene chiperoni chikagwa munthu saona ngakhale mnzake woyenda naye. Hositelo ya kumapeto ndi chinyumba chakalekale cha njerwa zofiira, cha khonde lalitali, denga lake lokwera moti mileme imachitiramo misonkhano. Pasukulupo pali mwambo wake. Mtsikana wa Folomu 1 akangofika, wamkulu wina wa Folomu 4 amamusankha kuti akhale mwana wake, ndipo wamng'onoyo amamutchula kuti Mami. Mami amakuluka tsitsi Loweruka, amakusungira kiyi wa sutikesi, amakugwirira malo pamzere wa phala, ndipo ukalira usiku pofuna kwanu amakulowetsa m'bulangete lake.

Sigele anasankhidwa ndi Elube. Eee, Elube! Wamtali, woimba kwaya, woseka ndi mano onse, moti Folomu 1 yonse inkamusirira. Sigele kwawo ndi wachisanu ndi chiwiri m'banja la ana asanu ndi anayi, ndipo chibadwire anali asanakhalepo ndi kanthu kakekake, ngakhale supuni. Tsopano anali ndi Mami wakewake. Materemu awiri oyamba ankayenda ngati wavala nsapato zatsopano tsiku lililonse.

Teremu yachitatu, kutatsala masabata ochepa kuti a Folomu 4 alembe mayeso n'kuchokeratu, kunabwera Mwandida. Anasamuka kuchokera kusukulu ina yakutali, kamtsikana kochepa thupi, kolankhula koyang'ana pansi. Akuluakulu onse anali ndi ana kale. Elube anamupeza ataima yekha pakhonde, chidebe chili m'manja.

"Sigele, bwera udzaone mng'ono wako."

"Ine ang'ono anga ali kumudzi, Mami."

"Iwe, usandichititse manyazi. Mulandire chidebecho."

Sigele anachilandira, koma chidebe chimenecho chinagunda mabedi onse a m'njira.

Sabata yachiwiri Mwandida anadwala chimfine. Chimfine wamba, chija chimene chiperoni chimagawira aliyense. Tsono ku hositeloko zimayenda motere: belu likalira mbandakucha, mapulifeketi amadutsa akusolola mabulangete kuti aliyense akasese. Wodwala amamangiridwa kampango koyera kumiyendo kwa bedi, kochokera kwa a Metironi, ndipo pulifeketi akakaona amadumpha bedilo. Koma sabata imeneyo odwala anachuluka, timipango toyera tonse tinatha. A Metironi anang'ung'udza, kenako anakatsegula kabati yakale ya m'chipinda chosungiramo matsache, ija palibe ankakumbuka kuti inatsegulidwapo liti. Anapezamo kansalu kamodzi kofiira, kopindidwa bwinobwino, konunkha mankhwala.

"Kofiira, koyera, bola pulifeketi akaone," anatero a Metironi.

Elube anakamanga ndi manja ake pa bedi la Mwandida.

Anzake onse anachira pamasiku atatu. Mwandida ayi. Chimfine chinatha, koma mwana osadzuka. M'mawa uliwonse ankaoneka ngati wina wamuchepetsako usiku. Elube ankamukoka chikope cha m'munsi n'kupukusa mutu: "Mwayera mbee." Kuchipatala anapita naye kawiri, malungo sanawapeze, anangomupatsa mapiritsi owonjezera magazi. Ndiye Elube uyo ndi phala, uyo ndi madzi ofunda, uyo ndi chiponde. Chiponde chake chimene chija, cha m'botolo lomwe kale ankatsegulira Sigele yekha.

Loweruka lina Elube anayamba kuluka Sigele pakhonde. Sigele anatsamira mawondo a Mami wake, maso ali tsinzinu, mtima uli m'malo. Mizere inayi itatha, kamawu kanamveka m'kati.

"Mami..."

"Ndikubwera pompano, Sigele, usasunthe."

Sigele sanasunthe. Dzuwa linapendeka, belu la mgonero linalira, iye ali pompo, mbali imodzi yoluka, ina ili nyankhalala, chipeso chili chizikire m'mutu. Lamulungu anapita kutchalitchi atamanga duku ngati mayi wa mvano, ndipo anzake anamuseka kuyambira nyimbo yoyamba mpaka dalitso.

Lolemba lake Madamu Khuliwa, aphunzitsi a Chingerezi, anawawerengera nkhani ya kumaiko akutali. Munali chinyumba chakale pamwamba pa chitunda, zitseko zotseguka zokha, ndi mayi wina wa m'menemo amene ankangofota tsiku ndi tsiku, mwamuna wake ali khale pambali pa bedi.

"Wolemba sananene chimene chikumudya mayiyu," anatero Madamu. "Ndikufuna maganizo anu."

Wina anati chifuwa chachikulu. Wina kumbuyo anafuula: "Ndi anamapopa, Madamu! Akumupopa magazi usiku!"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko, koma Madamu sanaseke.

"Mawu amenewo musamaponyere anthu amoyo. Alipo osalakwa amene anavulazidwa chifukwa cha mphekesera zotero. Koma m'nkhani ya m'buku, inde, ukhoza kuwerenga choncho: wina akutha, ndiye kuti wina akukhuta. Tsono akukhuta ndani?"

Sigele anaimika dzanja, chinthu chimene sankachita.

"Akukhuta ndi mayi yemweyo, Madamu. Sakudwala ameneyo. Wangoona kuti akagona, mwamuna wake sachoka."

Kenako uja wa kumbuyo anati, "Aise, ukuyankha za m'buku kapena za ku hositelo?" Ndipo chiseko chinabuka chachiwiri.

Koma ku hositeloko kunali kutayamba tinthu. Makapu atatu achitsulo anasowa, n'kukapezeka pawindo la chipinda cha matsache, atatsukidwa, atavundikiridwa pamzere. Agalu a alonda, amene kale ankagona pakhonde, anayamba kulambalala nyumba yonse michira ili pakati pa miyendo. Atsikana a mabedi a pafupi ndi khomo ankati pakati pa usiku amamva kulira kwa njinga yokankhidwa, tiki-tiki-tiki, kuchokera kumapeto kwa khonde, kenako gu, ngati yatsamiritsidwa kukhoma. Ankati ukafuna kudzutsa mutu kuti uone, mutu umakana. Ndipo Sigele mwiniwake, posesa, ankapeza timipira ta thonje pansi pa bedi la Mwandida, kamodzi m'mawa uliwonse, kali ndi kadontho kofiirira pakati.

Inu mukanaganiza chiyani? Sigele anaganiza kuti a Metironi akumupatsa Mwandida mankhwala apadera anzake atagona. Ankatisesa timipirato mwaukali, fumbi lonse n'kulozetsa kwa wodwalayo.

Lachisanu masana Elube anamutuma. "Thamanga kunyumba za antchito a esiteti ukagule mazira awiri. Mng'ono wako akufunika mazira."

Pobwerera chiperoni chinatsika mpaka pansi. Njira ya pakati pa tiyi inali matope okhaokha. Ali pakati, anamva tiki-tiki-tiki patsogolo pake, ndipo m'nkhungumo munatuluka munthu akukankha njinga yakuda, yaitali, ya mtundu umene sauonanso masiku ano. Anavala kabudula wa khaki ndi masokosi ofika m'mawondo, ngati a m'zithunzi zakale. Kumbuyo kwa njinga kunali kabokosi kathabwa. Nkhope sinkaoneka bwino, chipewa chinali chitatsika kwambiri.

"Mwana wasukulu," anatero mwaulemu, "odwala athu ali bwanji?"

"Ati, bambo?"

"A bedi lachisanu ndi chitatu kuchokera pakhomo."

Sigele anawerenga mumtima. Bedi la Mwandida. Mtima unamuwawa ngati waponda munga. Mpaka anthu a m'njira akufunsa za iye!

"Ali bwinobwino. Amangonamizira."

"Ayi, sanamizira," anatero munthuyo. "Ndi ofatsa kwambiri. Sagwedezeka."

Anadutsa. Fungo linatsalira, lija la m'chipinda chobayira jakisoni. Sigele atayenda pang'ono anacheuka. M'matope munali mapazi ake okha. Mzere wa matayala panalibe.

Apo ndiye anathamanga, mazira ali m'manja, mawu ali kale pakamwa: Mami, Mami, ndaona chinthu! Analowa m'hositelo ali wefuwefu, n'kuima. Mwandida anali atakhala tsonga pa bedi, atafunditsidwa bulangete la buluu la Elube. Bulangete lija Sigele analiriramo usiku wake woyamba pasukulu, lija ankalidziwa fungo lake. Za munthu wa njinga zinauluka zonse.

"Mami, kodi ine ndinalakwa chiyani?"

"Wayambatu. Mazira aja ali kuti?"

"Tsitsi langa simunamalize. Kiyi wanga simundifunsanso. Mwatsala ndi masabata atatu muzipita, ndipo onsewo mwapatsa uyu."

Elube anapumira m'mwamba, maso ali ofiira ndi tulo. "Sigele, iwe uli bwinobwino. Ukuyenda, ukudya, ukulongolola. Ukanakhala kuti ukudwala ndiwe, ndikanakusamala chimodzimodzi. Tsopano ndipatse mazirawo."

Mawu amenewo Sigele anagona nawo. Anawatembenuza uku ndi uku mpaka magetsi atazimitsidwa, mpaka mkonono utayamba. Kansalu kofiira kaja n'kamene kankaoneka munthu akangolowa pakhomo. N'kamene Mami ankayamba kuyang'ana akadzuka. Anatsika mwakachetechete, n'kukwawa mpaka pa bedi lachisanu ndi chitatu. Mfundo inali yolimba, anachita kuimasula ndi mano. Anabwerera n'kukamanga kumiyendo kwa bedi lake, nagona, akukonzekera kabuulidwe kamene adzabuule m'mawa.

Sanadziwe kuti tulo tinamutenga liti. Chimene chinamudzutsa ndi kuzizira.

Tiki-tiki-tiki. Gu.

Chitseko, chimene pulifeketi amakhoma ndi loko m'kati, sichinalire n'komwe, koma mphepo ya panja inalowa. Kenako fungo lija. Sigele anafuna kukweza mutu, mutu unakana. Anafuna kuitana Mami, lilime linali ngati mwala. Ankangomva. Wina ankayenda pakati pa mabedi osafulumira, ndipo pa bedi lililonse pankamveka kukhwaya kwa dzanja lopapasa chitsulo cha kumiyendo. Loyamba. Lachiwiri. Pa lachisanu ndi chitatu dzanjalo linapapasa, n'kupapasanso, n'kukhala kaye chete nthawi yaitali. Kenako mapazi anapitirira.

Anaima pa Sigele.

Kabokosi kanaikidwa pansi. Bulangete linapindidwa pang'ono, mwaulemu, ndipo zala zozizira ngati mpopi wa m'mawa zinatulutsa mkono wake n'kuuwongola.

"Musagwedezeke, mayi. Pang'ono pokha."

Sizinapweteke. Chimenecho n'chimene chinamuopsa kwambiri. Panangomveka kaphokoso kofewa, fuu, fuu, fuu, ngati munthu akupopa tayala kutali, ndipo Sigele anamva thupi lake likupepuka kuyambira kuzala za kumapazi, ngati thumba la ufa lobooka pansi. Denga linatalikira. Kenako kanthu kofewa kanakanikizidwa pamkono, mkono unapindidwa, bulangete linabwezedwa mpaka m'khosi n'kukonzedwa bwinobwino m'mbali.

M'mawa Sigele sanafunikire kunamizira. Kubuula kumene anakonza kuja analibe nako mphamvu. Elube anafika akuthamanga, n'kumukoka chikope.

"Mayo! Mwana wanga! A Metironi, bwerani mudzaone!" Anamugwira pamphumi, m'masaya, m'manja. "Ukanangondidzutsa, Sigele, m'malo mokatenga kansalu ka mnzako. Pepa, wamva? Pepa, ndinakulankhula moipa dzulo."

Elube anamangira Mwandida kampango koyera, poti tsopano tinalipo. Bulangete la buluu linasamuka. Botolo la chiponde linasamuka. Elube anakhala pamphepete pa bedi la Sigele n'kumamumwetsa phala ndi supuni, akuuzira kaye supuni iliyonse. Madzulo anamutsamiritsa pachifuwa pake n'kumaliza kumuluka mizere yonse, akuimba chapansipansi nyimbo ya kwaya. Sigele chibadwire anali asanamvepo kukoma kotero.

Usiku njinga inabweranso. Ndi usiku winawo. Masana Mami, usiku zala zozizira. Kutsidya kwa chipinda Mwandida anayamba kukhala tsonga yekha, kenako kuyenda mogwira makhoma, kenako kupempha chakudya chowonjezera. Sigele ankaona zonsezo, ndipo penapake m'mutu mwake zinthu zinkafuna kulumikizana, koma Elube akangoti "mwana wanga," iye ankazisiya.

Tsiku lachinayi la kudwala kwake, anzake onse ali m'kalasi, munalowa a Nasiyaya, mayi wachikulire wokolopa m'mahositelo. Anali atapita kwawo mwezi wathunthu kukadwazika mchemwali wawo. Anakolopa akung'ung'udza nyimbo mpaka anafika pa bedi la Sigele. Nyimbo inaduka. Chokolopera chinagwa.

"Mwana iwe. Ichi wachitenga kuti?"

"A Metironi anachipeza m'kabati ya kumatsache."

A Nasiyaya anayang'ana kukhomo, kenako anagwada n'kutsitsa mawu. "Nyumba ino kale inali chipatala cha esiteti. Agogo anga aamuna ankachapa zofunda muno. Zomanga timipango mukuchitazi si za sukulu, munazipeza. Koyera kankatanthauza wodwala wamba, musiyeni agone. Kofiira kankauza wa usiku kuti apa patengedwe magazi. Iyeyo sankayatsa nyale, sankafunsa dzina. Ankangopapasa mabedi."

"Ndiye... ali moyo mpaka lero?"

"Ndati ali moyo ine? Chipatala chinatsekedwa ine ndisanabadwe. Kungoti iyeyo palibe anamuuza kuti ntchito inatha." Anatambasula dzanja kuti amasule, koma zala zawo zinaima m'malere. "Ine sindichigwira. Masula wekha, pompano, ine ndikuona. Ukapeza mphamvu ukachiponye pamoto wa kukhitchini. Osati kudzala, wamva? Pamoto."

Sigele anadzikoka mpaka kumiyendo kwa bedi n'kumasula. A Nasiyaya anatola chokolopera chawo n'kutuluka, theka la chipinda osakolopa. Sigele anakapinda kansaluko n'kukalowetsa m'thumba la pilo, kuti mawa akakatenthe.

Usiku umenewo njinga inafika. Dzanja linapapasa mabedi onse, mzere uwu ndi mzere uwo, mpaka kumapeto. Linabwereranso kachiwiri. Pa bedi la Sigele linachedwa, likusisita chitsulo chopanda kanthu, ndipo iye anamva mpweya wozizira pamapazi ake. Kenako mapazi anatuluka, tiki-tiki-tiki, kumka kutali.

M'mawa anadzuka ndi njala. Tsiku lotsatira anakasamba yekha. Kukhitchini anadutsako kawiri, moto uli lawilawi pansi pa miphika ya nyemba, koma nthawi zonse ziwiri pankakhala anthu, ndipo anati adzapita mawa. Lachisanu madzulo Elube anamukoka chikope n'kuwomba m'manja.

"Taonani, mwayamba kufiira! Wachira, mwana wanga, wachira! Ambuye alemekezeke. Ana anga onse awiri ali bwino." Anamupsompsona pamphumi, kenako anayamba kupinda bulangete la buluu. "Ili ndilitenge, eti? Kusitade kukuzizira, ndipo mayeso ayamba pakatha masiku khumi, sindinawerenge kalikonse. Uzindipeza kochepa masiku ano, usadandaule."

"Mawa ndi Loweruka, Mami."

"Eya, ndikudziwa. Mizere yako ikadali yatsopano. Mawa ndiluka Mwandida, ndinamulonjeza. Chibwerere sindinamugwirepo m'mutu, mwana wa eni."

Anapita, bulangete lili pakhwapa. Pakhomo anakumana ndi Mwandida, n'kumukoleka dzanja m'khosi, ndipo awiriwo anatuluka akuseka nkhani imene Sigele sanaimve.

Magetsi anazimitsidwa. Mkonono unayamba. Sigele anagona chagada, akuwerenga masiku ndi zala. Khumi ndi asanu ndi limodzi, kenako Elube adzanyamula sutikesi yake n'kupita kwawo kutali, ndipo sadzabweranso. Khumi ndi asanu ndi limodzi, ogawana ndi mabuku, ogawana ndi Mwandida. Anawerenganso njira ina. Mwandida anagona masabata anayi ndipo sanafe. Masabata anayi ndi masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Iye akufuna khumi ndi asanu ndi limodzi okha.

Analowetsa dzanja m'thumba la pilo. Kansalu kanali kozizira ngati kagona panja.

Anakamanga kumiyendo kwa bedi, n'kukoka mfundo ndi mano kuti ilimbe. Anabwerera m'malo mwake, nadzifunditsa bulangete lake lopyapyala la kumudzi. Kunja chiperoni chinkadontha padenga. Anadikira nthawi yaitali, mpaka kumapeto kwa khonde kunamveka tiki-tiki-tiki.

Sigele anatulutsa yekha mkono m'bulangete, n'kuuwongola.